Ndani amaloleza mayina atsopano ngati .com ndi .africa?

Owerenga ena atilembera imelo kufunsa kuti: "Ndikufuna kuti maadiresi a webusayiti azithera ndi .nyasa m'malo mwa .com kapena .mw. Ndikapemphe kuti? Ku boma?"

Zikomo bambo. Ku boma ayi. Malo opempherako ndi ICANN, bungwe losachita malonda lomwe linakhazikitsidwa mu 1998 ku California. Koma palibe lamulo la dziko lonse lapansi lomwe linaipatsa ufumu umenewu. Mphamvu yake yagona pa fayilo imodzi yotchedwa root zone, momwe mwalembedwa mayina onse akumapetowa ndi makompyuta omwe amayankha za dzina lililonse. Nthambi ya ICANN yotchedwa IANA ndiyo imavomereza zosintha, kampani ya Verisign n'kuzilowetsa m'fayilomo, kenako makompyuta otchedwa ma root server, omwe ali ndi mayina 13 kuyambira A mpaka M, amaifalitsa. Mpaka mu 2016 boma la United States linkayamba laona kusintha kulikonse, koma mgwirizano umenewo unatha.

Inu lero lomwe mutha kukhazikitsa .nyasa pa seva yanu, palibe angakumangeni. Vuto n'lakuti foni ya munthu ali ku Lusaka siidziwa seva yanuyo. Ikafunsa ku root, yankho lidzakhala lakuti dzinalo kulibe, basi.

Mayina a zilembo ziwiri ngati .mw, .zm ndi .mz ndi a mayiko, ndipo ICANN siiwasankha yokha: imatsatira mndandanda wa zidule za mayina a mayiko wotchedwa ISO 3166-1. South Sudan inapatsidwa SS mu 2011, koma .ss inalowa mu root mu 2019.

Dzina lanulo lili m'gulu lina, la zilembo zitatu kupita m'mwamba, ndipo kumeneko khomo limatsegulidwa mwa apo ndi apo. Mu 2012 panalowa mapempho 1,930, lililonse litalipiridwa madola 185,000. Pa gawo la 2026 mtengo wakwera kufika madola 227,000. Wopempha amayenera kukhala kampani kapena bungwe lolembetsedwa, osati munthu payekha. ICANN imafufuza mbiri ya eni ake, ndalama zomwe ali nazo, komanso ngati makina awo angathe kuyankha usana ndi usiku. Akapambana, amasaina mgwirizano n'kumalipira madola oposa 25,000 chaka chilichonse, kaya agulitsa maadiresi kaya ayi.

Ambiri amagwa ndalama ali nazo. Awiri akafuna dzina limodzi, limatha kupita pa okushoni. Mu 2016 .web inagulidwa madola 135 miliyoni, ndipo milandu inatsatira. Mayina a .home, .corp ndi .mail anakanidwa chifukwa maofesi ambiri anali akuwagwiritsa kale ntchito pa makompyuta awo am'kati. Kuwalowetsa mu root kukanachititsa kuti uthenga wa mu ofesi uzisokera kunja.

Pokhudza mayina a malo ndiye pamavuta kwambiri. Pa .africa panafunika kuti maboma osachepera 60 pa 100 a mu Africa avomereze. Mabungwe awiri ankalimbirana dzinali: ZA Central Registry ya ku South Africa inali ndi chithandizo cha African Union, pamene DotConnectAfrica inakasuma kukhoti, mwakuti dzinali linalowa mu root mu 2017. Kampani ya Amazon, ndi chuma chake chonsecho, inadikira mpaka 2020 kuti ipeze .amazon, chifukwa Brazil ndi Peru anadandaula kudzera mu GAC, komiti ya maboma yolangiza ICANN. Ife tikuona kuti .nyasa ingakumane ndi zomwezo, poti nyanjayi ikukhudzanso Tanzania ndi Mozambique, ndipo dzina lake lenilenilo ndi nkhani yomwe mayikowa samvana.

Ngati cholinga chanu n'chakuti mawu oti "nyasa" aoneke pa adiresi, onani kaye ngati pansi pa .mw pali malo. Kumeneko simufunika chilolezo cha ICANN, mumangolembetsa kwa oyang'anira .mw n'kumalipira chaka ndi chaka.