Kukazizira chida chimafota: kodi mphamvu zatha?

Imelo yafika kuchokera kwa bambo wina wa zaka za m'ma 40. Akuti kukayamba kuzizira chida chake chimabwerera m'kati mpaka amachita manyazi kuvula pamaso pa mkazi wake, ndipo kawiri mwezi uno chakana kudzuka. Funso lake ndi lalifupi: "Kodi kuziziraku kwandiphera mphamvu?"

Ayi achimwene, sikunakuphereni. Kungoti mwamanga nkhani ziwiri mtolo umodzi, kufota ndi kusadzuka, pomwe chilichonse chili ndi gwero lake.

Kufotako ndi ntchito ya thupi lomwe likuyenda bwino. Thupi limalimbana kuti m'kati, komwe kuli mtima, mapapo ndi chiwindi, muzikhala potentha madigiri 37. Likamva chisanu limafinya timitsempha ta magazi ta pakhungu ndi kumathero monga zala, mphuno ndi makutu, kuti magazi asamakatayire kutentha kunja. Chida chili m'gulu lomwelo. Chilibe fupa, ndipo kukula kwake pa nthawi iliyonse kumadalira magazi omwe alimo komanso mmene timinofu ta m'kati mwake tamasukira. Magazi akachepa, timinofu tikakungika, chimafupika ndi kuonda. Mukafunda chimabwerera mwakale pakangopita mphindi zochepa, palibe chomwe chawonongeka.

Thumba la machende nalo limachita zake. Pansi pa khungu lake pali mnofu wopyapyala wotchedwa dartos umene umalikhwinyatitsa, ndipo wina, cremaster, umakokera machende m'mwamba kuti akaothe kutentha kwa thupi. Machende amapanga mbewu bwino akakhala pozizirirapo ndi madigiri awiri kapena atatu kuyerekeza ndi thupi lonse, n'chifukwa chake anakhala kunja. Mdani wa mbewu ya abambo ndi kutentha, osati kuzizira. Amene amakhala nthawi yaitali m'bafa la madzi otentha kwambiri tsiku ndi tsiku, kapena kugona ndi botolo la madzi otentha pakati pa miyendo, ndiye akudzichepetsera mbewu, ndipo poti mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ikhwime, zotsatira zake zimakhalapo miyezi iwiri kapena itatu. Ngati mukufuna mwana, botololo liikeni kumapazi.

Za manyazi ovula aja, pali manambala oti muwadziwe. Mu 2015 David Veale ndi anzake a ku King's College London anasonkhanitsa miyeso ya amuna oposa 15,000, yoyezedwa ndi azaumoyo osati eni ake. Anapeza kuti pakatikati chida chikagona chimatalika masentimita 9, chikadzuka masentimita 13. Msinkhu wa chogona umasinthasintha tsiku lonse malinga ndi nyengo, mantha, ngakhale kutopa, ndipo suuza munthu bwinobwino mmene chidzakhalire chikadzuka. Kudziyeza mutangotuluka m'madzi ozizira n'kudzinamiza nokha.

Kusadzuka ndiye nkhani yofuna kukhalira pansi. Kuti chida chidzuke, mitsempha yonyamula mauthenga a ubongo imatulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide, timinofu tija timamasuka, magazi amathamangira m'timatumba tiwiri tokhala ngati siponji, ndipo tikadzaza timapanikiza mitsempha yotulutsa magazi kuti asathawe. Zonsezi zimafuna thupi lodekha. Kuzizira kumadzutsa mbali ya thupi yogwira ntchito ndi adrenaline, homoni yokonzekeretsa thupi kuthawa kapena kulimbana ndi ngozi, ndipo mantha amadzutsa mbali yomweyo. Apa ndi pamene pagona vuto lanu, mmene ndikuonera. Munthu wavula m'chipinda chozizira, manja ali zii, wayang'ana pansi, waona kuti chafota, mtima wayamba kugunda. "Kodi lero zitheka?" Funso lokhalo likungowonjezera adrenaline pamwamba pa wa chisanu uja. Zikakanika usiku umenewo, mawa amalowa m'chipinda ngati akukalemba mayeso, ndipo nyengo ikadzatentha mantha aja amatsalabe, kuzizira kutapita kalekale. Mkazi naye kumbali akudzifunsa ngati walakwa kapena ngati kuli wina kunja, poti bambo sakunena kanthu, angotembenukira kukhoma.

Pamenepa ndi pomwe amadyera ogulitsa "mankhwala a mphamvu", ndipo ine sindiwanyengerera. Amalonjeza kutenthetsa magazi, kukulitsa chida, kubweza unyamata. Palibe piritsi, ufa kapena mafuta opaka omwe amatalikitsa chida. Ambiri mwa mankhwala otchedwa achilengedwe akayezedwa amapezeka atathiridwa sildenafil mobisa, pa mlingo womwe wogula sakuudziwa. Sildenafil payekha si woipa, ndiye mankhwala a mu Viagra, omwe anavomerezedwa mu 1998, ndipo dokotala amayambira pa mamiligiramu 50, ola limodzi musanagonane, osapitirira kamodzi pa tsiku. Koma munthu amene amamwa mankhwala a mtima a gulu la nitrate akaphatikiza ndi sildenafil, BP imatsika mwadzidzidzi mpaka kukomoka, ena kufa kumene. Wogulitsa pa Facebook sakufunsani zimenezo. Ndiye kuli mowa "wothamangitsa chisanu". Umatsegula mitsempha ya pakhungu, mumamva kutentha pomwe thupi likutaya kutenthako, kenako umagonetsa mitsempha ya mauthenga yomwe imayenera kudzutsa chida. Fodya amafinya mitsempha yomwe chisanu chafinya kale.

China chomwe ambiri sachiganizira ndi mankhwala a chimfine. Ena mwa iwo ali ndi pseudoephedrine, amene amatsegula mphuno pofinya mitsempha ya magazi, ndipo sasankha kuti iyi ndi ya mphuno, iyi ndi ya kumusi. Madokotala amawagwiritsanso ntchito pogonetsa chida chomwe chakana kugona. Kwa bambo amene prostate yake (kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo) yakula, mankhwalawa, pamodzi ndi ena a chimfine ogonetsa tulo, amatha kuvutitsa pokodza. Werengani pa paketi ngati masiku awiri aja munali mukumwa zoterezi.

Mungadziwe bwanji kuti si kuzizira kokha

Yang'anirani m'mawa. Mwamuna wathanzi chida chimamudzukira katatu mpaka kasanu ali m'tulo, ndipo chomaliza ndi chomwe amachipeza podzuka. Ngati zimenezi zikuchitikabe, kapena chimadzuka bwino mukakhala nokha mofunda, mitsempha ya magazi ndi ya mauthenga ili bwino, vuto ndi chisanu ndi nkhawa. Koma ngati m'mawa muli zii, ndipo vutoli lapitirira miyezi itatu kaya kwazizira kaya kwatentha, lekani kunamizira nyengo. Mitsempha yobweretsa magazi ku chida ndi yopyapyala, milimita imodzi kapena ziwiri, pomwe ya mtima ndi mamilimita atatu kapena anayi. Mafuta akayamba kutseka mitsempha, yaing'onoyo ndiyo imayamba kudandaula, nthawi zambiri zaka zingapo mtima usanaonetse chizindikiro. Pa msinkhu wanu pitani mukayezetse BP, shuga ndi cholesterol (mafuta a m'magazi), ndipo ngati chilakolako chenichenicho chatha, testosterone, homoni yachimuna, yemwe amayezedwa m'mawa chifukwa ndi pamene amakwera. Kumbukiraninso kuti BP imakonda kukwera nyengo yozizira, ndiye amene ali pa mankhwala asawasiye poganiza kuti ndi omwe akumufooketsa. Akauze dokotala, mankhwala amasinthika.

Zochita usiku uno n'zochepa. Sambani madzi ofunda, lowani m'zofunda nonse awiri ndi zovala, muvulire momwemo thupi litatenthedwa, pakatha mphindi 10 kapena 15. Masokosi asakuchititseni manyazi. Musathamangire kulowa, ndipo muuzeni mayiwo mawu amodzi okha, kuti ndi chisanu, si iwo. Masana yendani mwandawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata. Musatenthetse chipinda chotseka ndi moto wa makala, mpweya wake wa carbon monoxide sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo. Ngati mumagwiritsa ntchito kondomu, sambani m'manja mukadzola Vaseline kapena mafuta ena oletsa kuuma khungu, chifukwa mafuta amafooketsa mphira wa kondomu mpaka kuphulika.

Pali chimodzi chomwe sichidikira kuti kuche. Chende likayamba kupweteka mwadzidzidzi komanso kwambiri, litakwera m'mwamba kuposa linzake, mwina ndi nseru kapena kusanza, likhoza kukhala kuti lapotokola ndipo magazi sakufikako. Zimachitika kwambiri kwa anyamata achisodzera, ndipo zimachulukirapo kukazizira. Opaleshoni imafunika pasanathe maola 6 kuti chendelo lipulumuke, choncho ngati muli ndi mnyamata pakhomo, muuzeni kuti zikamuchitikira adzakudzutseni ngakhale pakati pa usiku.