CV ya dokotala wa mafizo: onetsani odwala amene anadutsa m'manja mwanu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mchemwali wina amene anamaliza digiri ya physiotherapy (mafizo) ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Internship anapanga, ku Medical Council of Malawi analembetsa, koma makalata ake ofunsira ntchito akungopita osayankhidwa. Ananditumizira CV yake ya masamba asanu n'kufunsa kuti: "Chikusowa n'chiyani? Ndiwonjezere chiyani kuti andiitaneko ku intaviyu?"

Achemwali, musawonjezere kanthu kaye. Yambani n'kuchotsa. Ndawerenga masamba onse asanu, ndipo ndadziwa mudzi wanu, mfumu yanu, mpingo umene mumapemphera, sukulu ya pulayimale imene munayambira, ndi maphunziro onse amene munalemba mayeso ku koleji. Koma sindinakumanemo ndi wodwala ngakhale mmodzi. Munthu amene akufuna dokotala wa mafizo amatsegula CV ali ndi funso limodzi m'mutu: Lolemba likubwerali ndikamusiya yekha muwodi, athana nawo odwala anga? Pepala lanu liyankhe funso limenelo tsamba loyamba lisanathe.

Pamwamba penipeni ikani dzina, nambala ya foni imene imagwira nthawi zonse, imelo ya dzina lanu lenileni, kenako nambala yanu ya ku Medical Council ndi chaka chimene chiphaso chanu chikugwira ntchito. Inu mwaibisa patsamba lachinayi, pamene popanda iyo palibe chipatala chingakulembeni. Za chipembedzo, mtundu ndi banja zichoke, pokhapokha ngati chilengezo cha ntchitoyo chapempha.

Tsopano pamene pagona nkhani. Pansi pa internship mwalemba kuti ntchito yanu inali "kuyeza odwala, kupereka chithandizo ndi kulemba malipoti". Aliyense amene munali naye kalasi imodzi akhoza kulemba mzere womwewo, ndipo ambiri alembadi. Tiuzeni kuti munali wodi iti, kwa miyezi ingati, ndipo patsiku mumaona odwala angati. Tiuzeninso anali odwala otani: a sitiroko, othyoka ntchafu pangozi ya kabaza, ana a cerebral palsy (olumala chifukwa ubongo unavulala ali akhanda kapena asanabadwe), opsa ndi moto amene khungu likukokana pachigongono, kapena a ku ICU ofunika kuwachotsa makhololo pachifuwa. Ngati munamangako chikhakha ana obadwa ndi mapazi opindika potsata njira ya Ponseti, lembani, ndipo nenani kuti mumayeza phazi ndi Pirani score sabata iliyonse musanamange china. Amene amayang'anira ana otere, monga kuchipatala cha Beit CURE ku Blantyre, akangoona mzere umenewo adziwa kuti manja anu anagwirako kaphazi ka khanda n'kukawongola pang'onopang'ono, mayi ali pambali akutonthoza.

Zoyezera zimene mumagwiritsa ntchito muzitchule ndi mayina ake. Berg Balance Scale, yoyeza ngati munthu akutha kukhala, kuima ndi kusuntha osagwa, imathera pa 56, GMFCS, yoyeza kayendedwe ka ana a cerebral palsy, ili ndi magawo asanu, mphamvu ya minofu timayeza kuchokera pa 0 kufika pa 5. Kulemba kuti mumayeza wodwala wa sitiroko ndi Berg tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka kukuonetsa kuti simungotambasula miyendo ya anthu mwachizolowezi, mumatsata ngati akusintha. Ngati muli ndi kabuku kanu ka internship, katsegulenso, muwerenge odwala amene analembedwamo. Manambala a mu CV achokere m'menemo. Osapeka, chifukwa pa intaviyu adzakufunsani za wodwala mmodzi mwa amenewo, ndipo wopeka amaonekera pa funso lachiwiri. Dzina la wodwala, mudzi wake kapena chithunzi chake zisapezeke paliponse.

Ndikudziwa chimene chimatigwira dzanja. Tinakula tikuuzidwa kuti kudzitama n'kupanda mwambo, ndiye timalemba ngati tinkangoima kumbuyo kwa akuluakulu n'kumaonerera. Koma fumbi ndiwe mwini. Kunena zimene munachitadi si matama. Mu imelo yanu mwanditchulira mongodutsa kuti munkasonkhanitsa amayi osamalira ana olumala n'kuwaphunzitsa kakhazikidwe ka mwana pomudyetsa phala kuti asatsamwe, komanso kuti munapangana ndi kalipentala wa pamsika kukhoma mipando yapakona ya ana osatha kukhala okha. Mu CV mulibe zimenezi! Kwa ine imeneyi ndiyo ntchito yolemera kuposa zonse zimene mwalemba. M'zipatala zathu zambiri, makina ochepetsa ululu a ultrasound kapena TENS kulibe kapena anafa kalekale, ndipo wodwala akatuluka, amene amapitiriza mafizo kunyumba ndi gadiyani. Dokotala wodziwa kuphunzitsa gadiyani m'chilankhulo chake, ndi kupanga chothandizira kuchokera ku matabwa, nsungwi ndi chitenje, ndiye akufunidwa kuchipatala cha boma, cha mishoni (CHAM) kapena kubungwe loyenda m'midzi. Pachifukwa chomwecho lembani zilankhulo zimene mumayankhula. Chitumbuka chili ndi phindu ku Mzuzu Central, Chiyao ku Mangochi.

Mwadandaulanso za miyezi imene mwakhala opanda ntchito yolipidwa. Musaibise posokoneza madeti. Ngati mumathandiza mongodzipereka pachipatala china, mumayendera odwala m'makomo, kapena mumakhala pabenchi ya timu ya mpira Loweruka, lembani monga mmene zilili, ndi mwezi woyamba ndi womaliza. Maphunziro afupiafupi owonjezera luso pantchito (CPD) aikeni ndi chaka chake. Digiri ikhale mizere iwiri, ndi mutu wa kafukufuku wanu wa chaka chomaliza. MSCE mzere umodzi basi.

CV imodzi siyokwanira ntchito zonse. Yopita ku Kachere Rehabilitation Centre itsogoze odwala ovulala msana ndi a sitiroko, zilonda za pogona, kuphunzitsa munthu kuchoka pabedi kupita panjinga yake ya olumala. Yopita kuchipatala cha mafupa itsogoze othyoka ndi ochitidwa opaleshoni. Werengani chilengezo muli ndi cholembera m'manja, mudule mzere pansi pa chilichonse chimene apempha, kenako muone ngati chilichonsecho chili ndi yankho patsamba lanu loyamba. Akati makope a satifiketi akhale odindidwa, kadinditseni. Mukaganiza zakunja, dziwani kuti CV siyenda yokha: muyenera kulembetsa kubungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo, ku Britain ku HCPC, ku South Africa ku HPCSA, ndipo ku Britain sayika chithunzi kapena tsiku lobadwa.

Pa anthu okuchitirani umboni mwaika abusa, amalume anu ndi mphunzitsi wa kusekondale. Ndi anthu olemekezeka, koma palibe amene anakuonani mukudzutsa wodwala pabedi. Ikani amene anakuyang'anirani pa internship, mphunzitsi mmodzi wa kukoleji, ndi mkulu wa pamene mukuthandiza panopa. Muyambe mwawaimbira kupempha chilolezo, ndipo muwatumizire CV yatsopanoyo kuti foni ikalira asadabwe.

Mukakonza zonsezi mutsala ndi masamba awiri. Popeza mulemba m'Chingerezi, mupatseni mnzanu wa ntchito yomweyi awerenge mokweza, makamaka mayina a matenda ndi zoyezera. Musunge ngati PDF, fayilo ikhale ndi dzina lanu, ndipo muitsegule pafoni musanatumize kuti muone ngati mizere sinasokonekere. Mukamaliza nditumizireninso tsamba loyambalo, ndidzaliwerenga.