Kwa mchemwali wa ku Namwera amene akufuna ntchito yolangiza za kadyedwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Namwera. Wandilola kumuyankha pano poti ambiri amandifunsa zomwezi, koma dzina lake ndasunga. Iye anati:

"Amayi, ndili ndi zaka 24, ndinakhoza MSCE ndipo ndimagulitsa mushopu ya amalume. Chiwapezereni mayi anga ndi matenda a shuga, ndakhala ndikuwerenga za zakudya. Pa intaneti ndaonapo maphunziro a health coach ndi holistic nutrition, a miyezi yochepa koma olipira madola. Palinso mayi wina akundikopa kuti ndilowe gulu lawo logulitsa mankhwala a zitsamba a m'mabotolo, akuti ndiphunzirira momwemo. Kodi ntchitoyi ingandidyetse kuno kwathu? Ndiyambire pati?"

Achemwali, pepani ndi matenda a mayi, ndipo muwapatse moni wanga. Funso lanu loyamba ndiyankhiretu: inde, ntchitoyi ingakudyetseni, ine yandidyetsa ndi ana anga zaka zambiri. Koma sidyetsa msanga, ndipo njira ziwiri mwatchulazo sindikufuna muyambire kumeneko.

Tiyambe ndi mawu achizunguwo, chifukwa ndi amene amasokoneza. Akati holistic akutanthauza kuona munthu yense: zimene amadya, mmene amagonera, ntchito yake, nkhawa zake, m'thumba mwake, banja lake ngakhale chipembedzo chake. Health coach ndi munthu woyenda limodzi ndi wodwala kapena wofuna kusintha, kumuthandiza kuti malangizo amene wamva asanduke chizolowezi. Sayeza matenda, salemba mankhwala, sasiyitsa munthu mankhwala. Amene amakonzera wodwala ndondomeko ya zakudya monga gawo la chithandizo cha kuchipatala, mwachitsanzo wodwala impso, ndi dietitian, ndipo ameneyo amaphunzira ku yunivesite n'kulembetsa ku Medical Council of Malawi. Kusiyana kumeneku mukugwire bwino, chifukwa pali moyo wa munthu.

Masukulu a pa intaneti aja alipodi. Yotchuka ndi Institute for Integrative Nutrition ya ku New York, imene inayamba mu 1992. Amaphunzitsa kukambirana ndi munthu, zomwe n'zabwino. Koma pepala lawo silisandutsa munthu dietitian ngakhale ku America komweko, ndipo kuno silingakulowetseni ntchito ya m'chipatala. Zitsanzo zawonso n'za munthu wogula chakudya m'masitolo akuluakulu, wodya m'mbale yakeyake. Madola amenewo ndi ambiri zedi pa thumba la mtsikana wa mushopu. Ngati mungawafune maphunzirowo, adzakhale oonjezera mutakhala kale ndi maziko.

Mazikowo ali konkuno. Ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, ku Bunda, kuli digiri ya za kadyedwe, ndipo ku Natural Resources College (NRC), yomwenso ili pansi pa LUANAR, kuli dipuloma. Kamuzu University of Health Sciences nayo imaphunzitsa za kadyedwe ndi udietitian, ndipo mwina mukudziwa kuti ili ndi nthambi pa boma la Mangochi pano. Tengani satifiketi yanu muone mmene munakhozera Biology, Chemistry, masamu ndi Chingerezi. Ngati pena pakupelewera, bwerezani phunzirolo, palibe chamanyazi; chaka chimodzi chobwereza n'chochepa poyerekeza ndi zaka 30 za ntchito. Zolengeza za NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, muzizitsata, ndipo mukasankhidwa mufunsire ngongole ku bungwe lobwereketsa ophunzira a m'mayunivesite.

Koma musadikire kalata ya sukulu mutapinda manja. Pitani kuchipatala chaching'ono cha kwanuko mukapeze mlangizi wa zaumoyo, mumuuze kuti mukufuna kuthandiza mongodzipereka pa tsiku la sikelo kapena m'ma care group a m'mudzi, magulu aja ophunzitsana za kadyedwe ndi chisamaliro cha ana. Kumeneko mudzaphunzira kuyeza mkono wa mwana ndi kalamba kaja ka mitundu itatu, mudzadziwa kuti kakafika pofiira, pansi pa masentimita 11.5, mwanayo akufunika chiponde ndi achipatala, osati malangizo anu. Mudzaphunzira kudina phazi la mwana ndi chala n'kuona ngati pakutsala dzenje, chizindikiro cha kutupa kobwera ndi kusowa zakudya m'thupi. Mudzaloweza magulu 6 a zakudya, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, mpaka kumawaona m'mbale iliyonse imene yadutsa pamaso panu.

Tsopano ndikuuzeni chimene sukulu sinandiphunzitse.

Nditangoyamba ntchito ndinakumana ndi agogo ena a chakumtunda kwa Malindi, odwala shuga ngati mayi anu. Ndinawalembera pepala labwino kwambiri: m'mawa chakuti, masana chakuti, nsima yochepa ya mgaiwa, zipatso kawiri pa tsiku. Analilandira ndi manja awiri, kulipinda, kuliika m'kabuku kawo ka kuchipatala. Patatha mwezi shuga anali pomwe paja. Ndinakhumudwa, ndipo mumtima ndinawaweruza kuti ndi osamva. Kenaka ndinakwera kabaza n'kupita kwawo. Ndinafika cha m'ma 11, ndinakhala pamkeka pakhonde, n'kuona ndi maso anga. Agogowo sankaphika okha, ankaphika ndi mpongozi wawo, yemwe pepala lija sanalionepo. Nsima inabwera m'mbale imodzi ya anthu 5, ya ufa woyera, poti pakhomopo mgaiwa ankauona ngati chakudya cha chaka cha njala. Ndiwo zinali usipa wouma wothira mchere wambiri, masamba kunalibe. Nditafunsa za m'mawa, mdzukulu anandionetsa kapu yawo ya tiyi, yaikulu ngati kambale, n'kuti amathiramo masipuni 4 a shuga, ndipo amamwa kawiri, chifukwa pepala lija silinatchule tiyi. Wolakwa ndinali ine. Ndinalangiza munthu ndisanaone pamene amadyera.

Tsiku limenelo tinagwirizana zinthu ziwiri zokha, ine, agogo ndi mpongozi uja. Choyamba, shuga wa mutiyi azichepa sipuni imodzi pa sabata. Chachiwiri, agogo azipatsidwa mbale yawoyawo, mtanda umodzi wa nsima, ndipo theka la mbaleyo likhale masamba amene alipo, kaya nkhwani, bonongwe, kholowa kapena chisoso, ophika opanda soda. Za mgaiwa tinadzakamba patapita miyezi iwiri, titayamba ndi kusakaniza ufa. Ndinkawaimbira Lachisanu lililonse pa foni ya mdzukulu. Ntchito ya health coach ndi imeneyo, achemwali: kupita, kuona, kumvetsera, kusankha kanthu kamodzi kotheka, n'kubwereranso.

Apa inu muli ndi mwayi umene ine ndinalibe. Ine ndinabwera kuno ndi Chichewa chokha, Chiyao ndachiphunzirira pa ntchito. Inu wa ku Namwera, gogo adzakuuzani m'chilankhulo chake zimene sangauze munthu wovala gauni yoyera. Mukudziwanso mmene mwezi wa Ramadhani umayendera pakhomo. Wodwala shuga amene akumwa mankhwala akasala tsiku lonse ndi kutentha kwa kuno, shuga akhoza kutsika moopsa, ndipo madzulo akamasula ndi zotsekemera zambiri amakwera mwadzidzidzi. Mlangizi wabwino samuuza kuti "musasale" kapena "salani basi". Amamutumiza kwa achipatala mwezi usanayambe kuti akaone za nthawi ya mankhwala, amamuphunzitsa zizindikiro za shuga wotsika, kunjenjemera, thukuta, chizungulire, ndipo amakambirana naye za chakudya cha m'bandakucha. Zimenezi simudzazipeza m'maphunziro okonzera anthu a ku New York.

Ntchito ilipo yambiri, mwina yoposa manja amene alipo. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, kutsika kuchoka pa 47 mu 2010. Kafukufuku wina wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. M'nyumba imodzimodziyo mumapezeka mwana wosakula bwino ndi gogo wa shuga, onse akudya mphika umodzi. Chomvetsa chisoni n'choti zambiri zothandiza zili pakhomo pomwepo. Usipa ndi bonya timadya ndi minga yomwe, choncho timapezamo zolimbitsa mafupa. Kusinja bonya n'kuthira m'phala la mwana ndi nzeru yotsika mtengo. Malambe amene ana amatola kutchire ali ndi vitamini C wochuluka, amene amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba ndi nyemba, pomwe tiyi womwera pa chakudya amatchinga. Pali nandolo, khobwe, mtedza wa nsinjiro, mbatata yofiira mkati, chammwamba cha kuseri kwa nyumba. Mtedza wokha uyenera kusankhidwa bwino, chifukwa wachuku uli ndi poizoni woononga chiwindi.

Komabe ngakhale chakudya chabwino musamachilonjezere zozizwitsa. Kuno kwathu komwe, ku Lungwena ndi ku Malindi, mu 2018 kunachitika kafukufuku wotchedwa Mazira Project. Ana 660 a miyezi 6 mpaka 9 anagawidwa pawiri, ena n'kumapatsidwa dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi 6. Ku Ecuador kafukufuku wofanana naye anali ataonetsa kuti dzira limathandiza kwambiri ana kutalika. Kuno sizinatero: ana odya dzira sanatalike kuposa anzawo. Ofufuzawo anaganiza kuti china mwa zifukwa chingakhale choti ana a m'mbali mwa nyanja amadya kale nsomba kawirikawiri. Dzira ndi labwino ndithu, ndimalimbikitsabe. Koma nkhaniyi imandikumbutsa kuti chimene chagwira ntchito kwina chiyenera kuyesedwa kuno, ndipo ngati akatswiri amayesa dzira kwa miyezi 6 asananene kanthu, ife tisamafulumire kunena kuti ufa wakutiwakuti "umachotsa shuga".

Apa ndiye ndafika pa mabotolo aja, ndipo ndilankhula mosabisa. Musalowe. Magulu oterewa amayamba kukugulitsani katundu inuyo, ndipo phindu lenileni limabwera mukakokera anzanu. Maphunziro amene amapereka ndi a kagulitsidwe. Ndalama zanu zikangomangika m'katoni ya mabotolo, munthu aliyense wodwala mudzayamba kumuona ngati kasitomala, ndipo langizo lanu lidzakhota. Ndinawadziwa bambo ena ochita geni ya nsomba amene anasiya mapiritsi a BP atauzidwa kuti botolo lina "limatsuka magazi". BP sipweteka, choncho ankati achira. Tsiku lina anagwa pathandala akuyanika nsomba. Anapulumuka, koma dzanja lamanja ndi mwendo sizinabwerere. Amene anawagulitsa anali mnansi wawo, mayi wabwino mtima, yemwe ankangobwereza zimene anamuuza pamsonkhano. Sindikufuna tsiku lina mudzakhale pamalo pa mayi ameneyo. Mankhwala m'dziko muno amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo aliyense wouza munthu kuti asiye ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP akusewera ndi imfa.

Nanga ndalama zimachokera kuti? Ambiri a ife timayamba ndi kulembedwa ntchito, m'boma kapena m'mabungwe a zaumoyo ndi ulimi. Za m'mabungwe zimalipira bwinoko koma zimatha pulojekiti ikatha, choncho muzisunga. Zolangiza anthu panokha zimakula pang'onopang'ono pambali. Mayi wa kumudzi wa mwana wonyentchera sangakulipireni, ndipo musamulipiritse. Amene amalipira ndi aphunzitsi, ogwira ntchito m'mabanki ndi m'malo ogona alendo, amalonda a pa boma ndi ku Monkey Bay, anthu amene adokotala awauza kuti achepetse thupi kapena mchere koma sakudziwa poyambira. Ine ndimawaika m'kagulu ka anthu 8 kapena 10, amalipira pamwezi pa foni, timakumana kawiri kuphika limodzi ndi kuyenda, masiku enawo timalankhulana pa WhatsApp. Gulu limatsitsa mtengo, ndipo anthu amalimbikitsana okha. Ena amapanga ufa wa phala wosakaniza chimanga, soya ndi mtedza n'kumagulitsa. Mukafuna zimenezo dzerani ku Malawi Bureau of Standards. Wailesi za m'madera, monga Dzimwe, zimafunanso anthu otha kufotokoza za zakudya m'chilankhulo chomveka, ndipo ngakhale musapezepo ndalama, dzina lanu limadziwika. Ntchito ya mushopu musaisiye panopa, ndi imene ikulipirireni mayeso.

Sabata ino yambani ndi mayi anu. Gulani kope la masamba 40. Kwa masiku 7 lembani chilichonse chimene alowetsa m'kamwa, nthawi yake ndi kuchuluka kwake, mitanda ingati, masipuni angati, thobwa, zitumbuwa, mango, fulizesi wa masana, osawadzudzula ngakhale kamodzi. Lembaninso mmene agonera, kutalika kwa mtunda umene ayenda, ndi amene waphika. Tsiku lawo la kuchipatala muwaperekeze, mutenge kopelo, muwaonetse adokotala n'kufunsa kuti pa zonsezi choyamba kusintha n'chiti. Mukatero mundilemberenso, mundiuze zimene mwapeza, ndiponso magiredi anu a Biology ndi Chemistry kuti tione ngati mubwereze kapena mungofunsira malo chaka chino.