Funsani Dokotala: Msana ukundisowetsa mtendere pa gofu

Adokotala, ndine bambo wa zaka 54, ndimagwira ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe ndipo ndimasewera gofu Loweruka lililonse. Kwa miyezi isanu tsopano msana ukundipweteka cha m'chiuno kumanja, makamaka ndikamaliza maenje 18. Ndimamwa mapiritsi opha ululu a diclofenac ndisanayambe kusewera. Mnzanga akuti ndikaonane ndi a fiziyo, koma kumeneko si kwa odwala sitiroko? Ndipo amangotikita basi. Kodi alipo mankhwala amphamvu kuposa amenewa?

Bambo, mwafunsa za mankhwala, koma chimene chikukudyani mumtima ndachimva: mukuopa kuti mukabwera kuchipatala tikuuzani kuti gofu mumuiwale, kapena titchula opaleshoni. Mtima m'malo. Anthu ambiri a msana wotere amachira popanda mpeni, ndipo amabwerera kukasewera.

Koma zoti fiziyo n'kutikita chabe, izi zokha ndikukanirani. N'zoona kuti mukalowa m'chipinda chawo mupeza odwala sitiroko akuphunziranso kuyenda, koma ntchito yawo sithera pamenepo. Kutikita kumaziziritsa ululu kwa tsiku limodzi kapena awiri. Wa fiziyo amafufuza chimene chikuubweretsa. Pomenya mpira, thupi limayenera kupotokola pa mfundo za m'chiuno ndi kumtunda kwa msana, cha kumapewa. Msana wam'munsi sunapangidwe kuti uzipotokola kwambiri. Tsono inu mumakhala pampando kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, chiuno n'kuuma gwa, Loweruka n'kutsika m'galimoto molunjika kukamenya mpira ndi mphamvu zonse. Chiuno chikakana kutembenuka, ntchito yonse imagwera msana. Wa fiziyo adzakugonekani chagada, n'kupinda bondo lanu, n'kutembenuza mwendo kuti aone pamene ukuthera. Adzakuimitsani ndi mwendo umodzi. Nthawi zambiri kwa omenya ndi dzanja lamanja, mbali youma imapezeka kuti ndi yakumanzere, ngakhale ululu uli kumanja. Akatero adzakupatsani zolimbitsa minofu ya pamimba, ya m'matako ndi ya msana, zoti muzikachita kunyumba tsiku ndi tsiku. Kuchira kwenikweni kuli pamenepo, ndipo kumafuna masabata angapo, osati ulendo umodzi.

Katswiri wa gofu wa ku America, Tiger Woods, anachitidwa opaleshoni yolumikiza mafupa a msana mu 2017, ndipo mu 2019 anapambana mpikisano wa Masters. Pakati pa zaka ziwirizo panali miyezi yambiri yolimbitsa thupi pang'onopang'ono. Inu simunafike kumeneko, ndipo ndikufuna musafikeko.

Za diclofenac ndiye mwandidandaulitsa, bambo. Miyezi isanu! Mankhwala amenewa akamwedwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda zam'mimba, amakweza BP ndiponso amawononga impso, makamaka munthu akamayenda makilomita ambiri padzuwa, thukuta lili kamukamu, madzi osamwa mokwanira. Komanso mukapha ululu musanasewere, mumapitiriza kuvulaza malo omwewo osamva. Asiyeni kaye. Musagonerenso pabedi masiku ambiri poganiza kuti mukupumitsa msana. Kuyenda pang'onopang'ono n'kumene kumathandiza.

Pitani kuchipatala sabata ino. Ayambe akupimani dokotala, chifukwa si msana uliwonse umene wapweteka ndi gofu. Kuno kwathu TB ya msana timaiona, ndipo pa msinkhu wanu timaganiziranso za matenda a prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Muwauze poyera kuchuluka kwa mapiritsi amene mwakhala mukumwa, kuti akuyezeni BP ndi impso, kenako mupemphe kalata yopita ku fiziyo. Ku Kamuzu Central aliko. Popita mutenge ndodo imodzi ya gofu kuti akaone mmene mumamenyera.

Koma ngati ululu ukukudzutsani usiku, mukuonda, kapena thupi likutentha, musadikire sabata kutha. Ndipo mwendo ukayamba kufooka, pakati pa miyendo pakachita dzanzi, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikayamba kukuvutani kugwira kapena kutulutsa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.