Anandiuza kuti ulonda ndingathe

Ba dokotala, funso lanu loti kodi mugule inshuwaransi yolipira munthu akalumala landikhudza pachilonda, mundikhululukire ndikatalikitsa. Ine makina anandidya zala zitatu za kumanja pa fakitale ina ku Chinika, Lachisanu madzulo tikuthamangitsa oda. Magaziwo ndinaiwala. Chimene chimandiwawabe ndi bwana wathu kubwera ku wodi m'mawa mwake, maapulo ali m'pulasitiki, n'kuwerama kundinong'oneza kuti ndizinena kuti ndavulalira kunyumba. Ine ndili pa diripi, dzanja alikulunga ngati mtolo wa chinangwa, mayi a kunyumba akhala pasimenti akulira, iye mtima uli pa kampani yake! Ndinakana. Ngozi ya pantchito ndi ya Workers' Compensation, thumba lolipira ovulala pantchito, ndipo amene amasonkha kumeneko ndi bwana, sadula pa malipiro ako. Kaya amabisa chiyani, koma fomu yanga yopita kumeneko inagona m'kabati mwake miyezi iwiri.

Employment Code ya 2019, lamulo la zantchito la ku Zambia, imati wa kontilakiti yaitali akadwala alandire malipiro onse miyezi itatu, kenako theka miyezi ina itatu. Koma landilodi wa ku Chawama theka salidziwa. Mwezi wachinayi ndinali ndalowa kale kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu.

Apo ndinati ndithawire ku inshuwaransi yanga imene ndinkalipira ndekha zaka zinayi osadumphitsa. Mtsikana wa pa desiki kungotsegula tsamba la kumapeto, chala pamzere: amalipira munthu amene sangagwirenso ntchito ina iliyonse. Akuti bambo, ulonda mungathe. Ulonda! Ejenti amene ankandisekerera pondisainitsa, foni mpaka lero sayankha.

Inuyo samalani pamenepa. Pali pepala la inshuwaransi lolipira ukalephera ntchito yako yeniyeniyo imene unaphunzira, pali lina lolipira pokhapokha utalephera ntchito iliyonse, ndipo lachiwirili ndi lotchipa, n'chifukwa chake amalikankha. Dzanja lanu likayamba kunjenjemera, ku fiyeta kochitira opareshoni simulowanso, koma adzakuuzani kuti kuphunzitsa ana a sukulu ya udokotala mungathe. Afunseni ngati amapereka ndalama kamodzi kapena mwezi ndi mwezi, mudikira miyezi ingati asanayambe, komanso ngati sitiroko ndi matenda a msana zilimo kapena ndi ngozi zokha. Alembe, za pakamwa ayi. Za ma locum, maganyu a udokotala amene mukuchita m'makiliniki usikuzo, funsani ngati alipo akukusonkherani kalikonse.

NAPSA, bungwe la boma la penshoni, ili ndi penshoni ya olumala, koma imafuna kuti ukhale utasonkha miyezi 60, ndipo madokotala anzanu ayenera kuvomereza kuti ntchito yakukanikadi. Lowani pa eNAPSA, tsamba lawo la pa intaneti, muone ngati 5% imene amakudulani ikufikadi, ine ndinapeza miyezi ina ili mbee chonsecho pa peyisilipi anadula. NHIMA, inshuwaransi ya boma ya zaumoyo, imakulipirira chipatala basi, unga siigula.

Kunena zoona, a inshuwaransi ine sindiwakhulupiriranso ngakhale pang'ono. Koma inu gulani ndithu, mukadali wamng'ono musanayambe BP, mtengo umakhala pansi. Ingoonani kuti kampaniyo ili ndi laisensi ya PIA, bungwe loyang'anira a inshuwaransi, pepalalo mupite nalo kunyumba muliwerenge mpaka tizilembo ta pansi. Chilimba, kusonkherana ndalama mosinthana pagulu, musasiye. Renti yanga ya miyezi itatu analipira ndi azimayi a chilimba cha mkazi wanga ku Soweto Market.