Sopo ayi, koma madzi oyenda ndi soda

Mwafunsa ngati sopo waufa angachotse mankhwala opopera pa maapulo, mavwende ndi matimati omwe mumagula pa Nchalo. Mayi, sopoyo musiyireni zovala. Amakanirira pakhungu la chipatso, ndiye ana adzadya sopo pamodzi ndi mankhwala omwe mukuwathawawo.

Yambani ndi madzi oyenda. Wina azithira ndi kapu, inu mukutikita chipatso chimodzichimodzi ndi zala kwa masekondi 30, makamaka m'kadzenje ka phesi momwe mankhwala amaunjikana. Timadontho tachikasu touma pa matimati nthawi zambiri ndi Dithane, yemwe amakhala pamwamba ndipo ambiri amachoka mukatikita bwino. Vwende nalo litsukeni musanalidule, poti mpeni umatenga za kunja n'kulowa nazo mkati.

Soda wa m'sitolo uja timathira m'therere amathandizanso. Mu 2017 akatswiri a ku University of Massachusetts anaviika maapulo m'madzi a soda, ndipo patatha mphindi 12 mpaka 15 mankhwala a pakhungu anali atachoka pafupifupi onse. Thirani supuni yaing'ono imodzi pa theka la lita, viikani, kenako mutsukuluze. Kungoviika n'kuvuula nthawi yomweyo n'kutaya soda chabe.

Koma kuno kuchigwa vuto lagona pena. Timalima thonje, ndipo mankhwala otsala m'botolo, alimi ena amakapopera kudimba. Ena mwa mankhwalawa, monga dimethoate, amalowa m'kati mwa mbewu, moti ngakhale mutatsuka mpaka manja kutuwa, sangachoke onse. Kusenda kumachepetsa, ndiye maapulo a ana aang'ono muziwasenda. Chomwe chimateteza kwenikweni ndi masiku odikira omwe amalembedwa pa botolo, kuyambira tsiku lopopera kufika lokolola. Mlimi akapopera lero, mawa n'kuthyola chifukwa mavenda abwera, palibe beseni lomwe lingakonze zimenezo. N'chifukwa chake ine ndimati ndi bwino kukhala ndi wogulitsa mmodzi amene mungamufunse kuti anapopera liti. Ngati matimati akununkha mankhwala, asiyeni, atchipe bwanji.

Samalaninso ndi madzi otsukirawo. A mu Shire kapena a pachitsime chosavundikira angachotse mankhwala n'kukusiyirani kolera, ndipo ku Nsanje ndi Chikwawa tinaiona mu 2022. Tungani a pamjigo, muthire WaterGuard kapena muwawiritse n'kuwaziziritsa. Klorini wa mu WaterGuard amapha tizilombo, koma musamudalire pa mankhwala omwe analowa kale m'chipatso.