Yankho kwa amayi amene afunsa za masamu pa sukulu yawo ya sekondale

Amayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati ndinu wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya CDSS, kuti zotsatira za masamu pa mayeso a JCE ndi MSCE zikukuchititsani manyazi chaka ndi chaka, kuti ana ena amatuluka m'kalasi nthawi ya masamu ikakwana, ndipo mukufuna kudziwa chimene sukulu yonse ingachite m'malo mosiyira mphunzitsi wa masamu yekha. Ambiri akuuzani kale kuti muyambitse makalasi a Loweruka ndi kusonkhanitsa mapepala a mayeso akale a MANEB. Sindikutsutsa, koma kwa zaka zimene ndagwira choko ndaona kuti mankhwala amenewo timawapereka mochedwa, mwana ali Fomu 4, pamene matenda anayamba iye asanafike ndi ku Fomu 1 komwe.

Choyamba fufuzani chimene ana anu akulephera, ndipo musadalire malikisi a mayeso a kumapeto kwa teremu, chifukwa amenewo amangokuuzani kuti mwana wapeza 23 popanda kukuuzani chimene chamugwetsa. Lembani mafunso makumi awiri a msinkhu wa Sitandade 6 ndi 7: matebulo a kuchulukitsa, kugawa kwa manambala aakulu, ma fraction, ma decimal, maperesenti, ndi kusintha masentimita kuti akhale mamita. Apatseni ana onse kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4 tsiku limodzi, popanda calculator, ndipo muwauze kuti malikisi ake salowa pa lipoti. Nditachita zimenezi pa sukulu ina imene ndinaphunzitsako, ndinapeza ana a Fomu 3, amene ndinkawakalipira kuti sakumva quadratic equations, akulemba kuti 1/2 kuphatikiza 1/3 ndi 2/5. Mwana wotere vuto lake si algebra. Akaona 1/2 saona theka la ndowa ya madzi, amangoona manambala awiri ndi kamzere pakati, chifukwa akadaona ndowayo akadadzifunsa kuti zatheka bwanji kuti athire madzi ena pa theka n'kutsala ndi madzi osafika theka. Ndinachita manyazi ndine, popeza kwa miyezi ndinkakhoma denga pa nyumba yopanda maziko.

Mukapeza mabowo amenewa, atsekeni pang'onopang'ono koma tsiku ndi tsiku. Mphindi khumi m'mawa uliwonse, mafunso asanu pa bolodi, kalasi iliyonse, motsogozedwa ndi mphunzitsi wa kalasiyo ngakhale akhale wa History kapena wa Chichewa, zimapindula kuposa maola atatu a Loweruka pamene theka la ana lili kumunda kapena kumsika. Mafunso ndi mayankho akonzedwe ndi a dipatimenti ya sayansi sabata isanayambe, kuti aphunzitsi enawo asaope kuchititsidwa manyazi pamaso pa ana.

Nkhani ya chilankhulo ndi imene anthu ambiri amaidumpha. Ana athu amayamba kuwerengera m'Chichewa kapena m'chilankhulo cha kwawo, kenaka kuyambira Sitandade 5 masamu amabwera m'Chingerezi, ndipo mawu ambiri a masamu mwanayo anawamva kale kwina ali ndi tanthauzo lina. Mawu akuti volume amawadziwira pa wailesi, power amawadziwira ku magetsi, product ndi katundu wa mu golosale, ndipo akafunsidwa difference ya 15 ndi 9 amayamba kufotokoza kuti wina ndi wamkulu wina ndi wamng'ono, osadziwa kuti wauzidwa kuti achotsere. Muwerengere mwana yemweyo funso m'Chichewa, nthawi zambiri amalipeza. Choncho mphunzitsi wa Chingerezi ali ndi gawo lalikulu pa masamu kuposa mmene amaganizira. Mupempheni kuti kamodzi pa sabata atenge funso la masamu la mawu ngati ndime yowerenga, ana anene m'mawu awo chimene apatsidwa ndi chimene akufunsidwa, popanda kuwerengera kalikonse. Ndipo musamuletse mphunzitsi wa masamu kufotokoza m'Chichewa pamene ana asokonezeka, bola abwerere ku Chingerezi chimene adzakumane nacho pa pepala la mayeso.

Tsopano ku funso lanu lenileni, la sukulu yonse. Masamu amaphunzitsidwa kale m'maphunziro ena, kungoti aliyense amaphunzitsa mwa njira yake ndipo mwana sazindikira kuti ndi chinthu chimodzi. Wa Geography akamaphunzitsa mapu a 1:50,000, pamene masentimita awiri pa pepala ndi kilomita imodzi pa nthaka, akuphunzitsa ratio. Wa Physics akamasintha formula ya liwiro kuti apeze nthawi, akuphunzitsa algebra. Wa Chemistry ali ndi ma mole, wa Biology ali ndi ma graph ndi magnification. Wa Agriculture ndiye ali ndi chuma chenicheni: mizere ya chimanga yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Pa hekitala, imene ndi mamita 100 mbali zonse, pamalowa mizere pafupifupi 133 ya mapando 400 uliwonse, ndiye kuti mbewu zoposa 53,000. Mwana amene wapita ndi chingwe ku munda wa sukulu n'kudzipezera yekha nambala imeneyi sadzafunsanso kuti area ndi ya ntchito yanji. Khazikani aphunzitsi onsewa pa tebulo limodzi teremu isanayambe, aliyense anene masamu amene phunziro lake limafuna ndi sabata imene adzawafune, ndipo agwirizane njira imodzi yojambulira graph, imodzi yopezera peresenti, imodzi yosinthira formula. Ndinaonapo wa Physics akuphunzitsa kachithunzi ka makona atatu kobisapo chilembo ndi chala, wa masamu akuti "chitani chimodzimodzi mbali zonse", wa Chemistry akuti "dumphitsani, chizindikiro chisinthe", ndipo mwana wosaukayo ankaganiza kuti akuphunzira zinthu zitatu zosiyana.

Za mtima wa ana pa masamu, ndikupemphani muyambire mu chipinda cha aphunzitsi. Mphunzitsi akamanena moseka pamaso pa ana kuti "ine masamu anandikana kalekale", wawapatsa chilolezo chosiya, popeza akuona munthu wolandira malipiro amene sanawafune masamuwo. Palibe mphunzitsi anganyadire kuti sadziwa kuwerenga, koma za masamu timazinena ngati nthabwala. Mawu akuti "masamu ndi a anyamata" nawonso amachokera kwa ife akuluakulu, pamene atsikana omwewo ndi amene amagulitsa mandasi ndi tomato n'kubweza chenji mosalakwitsa ndi tambala lomwe. Gwiritsani ntchito a mother group ndi msonkhano wa PTA kuti makolo amve zimenezi, chifukwa mayi wa banki m'khonde amene amadziwa pamtima kuti ngongole ya K50,000 pa chiwongola dzanja cha 20 peresenti abweza K60,000 ndi katswiri wa masamu, ngakhale iye mwini anganene kuti sukulu anailekeza panjira.

Chinthu china chimene chimapha mtima ndi mmene timalandirira yankho lolakwa. Mwana akaitanidwa ku bolodi ngati chilango, anzake n'kumuseka, mphunzitsi n'kunena kuti "khala pansi, palibe chako", mwanayo waphunzira kuti njira yodzitetezera ndi kukhala chete. Ine ndinasiya kufunsa kuti "wapeza chiyani?" ndipo ndinayamba kufunsa kuti "unayenda bwanji?" Yankho lolakwa ndimalilemba pa bolodi popanda dzina, kalasi yonse ifufuze pamene phazi linaterereka. Mayeso a MANEB nawonso amapereka malikisi pa njira, osati pa yankho lomaliza lokha, ndipo ana ambiri amasiya funso lopanda kanthu chifukwa palibe anawauza zimenezi. Auzeninso zoona zake za magiredi: pa MSCE 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, koma maphunziro ambiri a ku yunivesite ndi ku makoleji, monga a unamwino, uinjiniya ndi za chuma, amafuna credit ya masamu, kutanthauza giredi ya 1 mpaka 6. Mwana wa Fomu 1 ayenera kumva zimenezi ali ndi zaka zinayi zokonzekera, osati pa tsiku lodzaza mafomu.

Zitsanzo zikhale za zinthu zimene anthu akukangana kunjaku. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo aliyense ankanena za 44 peresenti. Ndinapatsa ana a Fomu 3 manambala awiriwo kuti apeze okha peresentiyo. Ena anapeza 44, ena anapeza pafupifupi 31, ndipo kalasi inagawikana mpaka kukwezerana mawu. Onse anali olondola: mtengo wa dola unakwera ndi 44 peresenti, koma madola amene kwacha imodzi ingagule anachepa ndi 31 peresenti, chifukwa nambala imene ukugawira yasintha. Tsiku limenelo belu linalira ana osafuna kutuluka. Bawo nayenso musamupeputse, ndi maenje ake 32 ndi njere 64, popeza wosewera wabwino amawerengera pamtima kumene njere yomaliza ikagwere asanagwire n'komwe. Kalabu ya masamu yoyamba ndi bawo imakoka ana amene sangabwere mukaitcha ya algebra.

Pa za aphunzitsi a masamu eniakewo, ambiri anapitako ku maphunziro a SMASSE, ntchito yolimbikitsa kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi ku sekondale imene inayambira ku Kenya mu 1998 ndi thandizo la JICA, bungwe la boma la Japan, ndipo kwathu kuno inakhazikika kudzera ku Domasi College of Education. Mfundo zake, zoti ana azichita ndi manja ndiponso kuti mphunzitsi azipanga zipangizo kuchokera ku zimene zilipo, n'zabwino, koma kawirikawiri zimathera m'kope la ku msonkhano. Monga wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, mungathe kukonza kuti aphunzitsi awiri azikonzera limodzi phunziro, wina aphunzitse wina aonerere, kenaka akambirane popanda fomu yopita ku ofesi. Ngati muli ndi mphunzitsi wa masamu mmodzi yekha, monga zilili m'ma CDSS ambiri, mulumikizeni ndi anzake a mu cluster yanu.

Chimene chingakuvuteni kwambiri ndi kagawidwe ka makalasi. Mwambo wathu ndi woti mphunzitsi wodalirika apatsidwe Fomu 4 ndi Fomu 2 chifukwa ndi makalasi a mayeso, Fomu 1 n'kusiyira aliyense amene watsala ndi mapiriyodi. Ine ndikadakhala pa mpando wanu ndikadatembenuza, Fomu 1 ndikadapatsa amene ali woleza mtima ndi wodziwa kufotokoza, ndipo ngati pa sitafu yanu pali amene anaphunzitsapo ku pulayimale, ameneyo amadziwa kuphunzitsa ma fraction kuposa ambiri a ife a madigiri. Konzekerani kuti zotsatira za MSCE sizisintha chaka choyamba, ndipo makolo ndi a komiti adzafunsa. Chifukwa chake sungani mapepala a mafunso makumi awiri aja, muwalembetsenso anawo kumapeto kwa teremu yachitatu, kuti pa msonkhano wa PTA mudzaike mapepala awiri a mwana mmodzi pa tebulo, la poyamba ndi la pomaliza.